Kwa mwana wanga wotola zinyalala ku Kanyama

Mwana wanga,

Lamlungu lija unachoka pano nsima isanathe m'mbale, ndipo kuyambira tsikulo sindikugona bwino. Pakamwa panga pamathamanga, n'chifukwa chake ndati ndilembe, uwerenge mtima utakhala pansi. Ndinalakwa kukufunsa pamaso pa amalume ako kuti kodi tinakulipirira sukulu kuti uzikakankha wilibala ya zinyalala. Undikhululukire.

Amene anandiyankhulitsa ndi mantha. Ine ndi atate ako tinachoka ku Katete ndi chikwama chimodzi, ndipo kwa ife ntchito inali ija ya malipiro a pakutha pa mwezi. Zaka zonsezi ndikugulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Soweto mu Lusaka muno, ndinkati mwana wanga asadzaponde matope amene ndaponda ine. Koma matope omwewo andikumbutsa zina. Kolera itabuka mu 2017 n'kulowa mu 2018, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu, malonda anaima, tinakhala pakhomo tikudya mpamba. Mu Januwale 2024 Heroes Stadium, bwalo la mpira, linasanduka chipatala, ana anachedwa kutsegulira sukulu. Ku Kanyama mwala uli pafupi, madzi a mvula alibe kolowera, ndipo zinyalala zikatseka ngalande, za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimasakanikirana. Iwe ndi anzako atatu aja mwaona zimene tonse timaona, koma inu mwagwira fosholo. Zimenezo sindidzazinyozanso.

Tsopano ndikuuze za malonda, pakuti pamenepo ndiye ndikudziwapo.

Unandiuza kuti nyumba zambiri mumazitolera ulere chifukwa anthu ndi osauka, ndiponso kuti ukapempha ndalama umamva manyazi. Mwana wanga, apa ndiye pamene padzafere ntchito yanu. Wilibala imatha tayala. Magolovesi ndi majombo amang'ambika. Galimoto yokataya ku dzala la Chunga siyenda ndi chifundo, imafuna mafuta. Anyamata amene mwawalemba aja ali ndi mimba, ena ali ndi ana. Mukatolera ulere miyezi itatu, wachinayi mudzaleka, ndipo zinyalala zidzabwerera m'ngalande momwe munazipeza. Amene umawamvera chisoniwo ndi amene adzayambe kudwala. Ikani mtengo wochepa umene mayi wogulitsa vitumbuwa angakwanitse, ndipo muzitolera pa sabata, osati pa mwezi, chifukwa mukomboni ndalama imabwera pang'onopang'ono n'kupita tsiku lomwelo. Agogo amene alibe wowathandiza muwalembe padera, mudziwe kuti ndi angati, muwatolere ulere mwadala, podziwa kuti ena akulipira. Chifundo chowerengedwa chimakhalitsa. Chosawerengedwa ndinachiyesa ine, ndinkapereka tomato pangongole kwa aliyense wondiitana kuti "amake mwana", ndipo chaka china ndinatsala ndi thebulo lopanda kanthu ndi kope lodzaza mayina.

Achibale ndi a kutchalitchi adzakhala oyamba kunena kuti "ife ndife anu, tilipirenso?" Uziwayankha mwaulemu kuti inde. Ndipo ndalama ya bizinesi isamagone m'foni imodzi ndi ndalama yako ya ndiwo. Maliro akagwa kumudzi adzakuimbira, nanenso mwina ndidzakuimbira. Upereke za m'thumba mwako, za gulu usakhudze.

Za mpamba ndikudziwa kuti zakupweteka. Unati kubanki anakufunsani chikole, ndipo a mabungwe othandiza anakuuzani kuti ndinu bizinesi, pomwe obwereketsa ndalama akuti ndinu gulu lachifundo. Ntchito ngati yanuyi imagweradi pakati, ndipo wachinyamata alibe nyumba kapena munda woti aonetse. Ngakhale banki itavomera, chiwongola dzanja chake chimapitirira 20 peresenti pachaka, ndipo zinyalala sizibala msanga chotero. Kaloba ndiye usayandikire n'komwe. Ndinatengapo kamodzi iwe uli wakhanda, mwezi utatha ndinabweza ndalamayo ndi theka lake pamwamba, ndipo wailesi ya atate ako inapita.

Pepala la nyumba ino sindikupatsa. Ndikunena poyera kuti usadikire. Muno ndi mogona azing'ono ako, ndipo sindingaike denga lawo pa ngongole ya munthu aliyense, ngakhale iwe. Usaone ngati sindikukukhulupirira.

Njira zina zilipo, ngakhale n'zochedwa. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'makonstichuwense, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi la magulu a achinyamata ndi amayi. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndiye muzipita kumisonkhano yawo, akudziweni nkhope musanapemphe kanthu. Kulinso CEEC, bungwe la boma lothandiza nzika ndi mpamba wa bizinesi, koma kumbuka kuti za kumeneko ndi ngongole, zimabwezedwa. Konseko adzafuna kuona kuti gulu lanu ndi lolembetsedwa ndipo lili ndi akaunti kubanki. Choncho musazengereze: sankhani ngati mukhale kopaletivu kapena mulembetse ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, mutenge TPIN, nambala ya msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo mupite kukhonsolo akuloleni kutola zinyalala m'dera lanu. Mizere ndi yaitali, nsapato zimatha, koma wopanda pepala amathamangitsidwa tsiku lililonse ndi aliyense wovala yunifomu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: ndalama imene simunailandire musagulire kanthu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa ndalama ndi anzakowo. Lero mukudyera mbale imodzi chifukwa mulibe choti mulimbirane. Tsiku limene ndalama yaikulu idzalowe, kapena mmodzi akadzapeza ntchito ku ofesi n'kufuna kuchoka ndi gawo lake, mudzadziwana. Ndaona zilimba, magulu aja osonkherana ndalama, zikupasuka pa msika pakati pa amayi amene anabatizitsana ana. Khalani pansi tsopano mukadali kuseka, mulembe kuti wasonkha zingati ndani, wosunga ndalama ndani, osayina kubanki ndi ati, ndipo wochoka amatenga chiyani. Osayina akhale awiri. Pezaninso munthu wamkulu wodziwa mabuku a ndalama woti aziona kope lanu mwezi ndi mwezi. Ku BongoHive amaphunzitsa achinyamata oyamba mabizinesi, kafunseni. Ndipo mabotolo apulasitiki muziwapatula kuyambira pakhomo, poti ogula amalipira pa kilo ndipo oyera ndi osankhidwa bwino ndi amene amawafuna.

Pali china chimene sunanene koma ndinachiona m'maso mwako. Watopa. Anzako a kusukulu akuyenda atavala bwino, iwe ukubwera kununkha dzala, ndipo kwanu komwe, kumene ukanapumira, tinakulandira ndi chitonzo. Ndazindikira kuti mwala waukulu panjira ya ana ngati iwe nthawi zina timauika ndife makolo. Timati achinyamata adzilembe okha ntchito, koma wathu akayamba timamufunsa kuti ntchito yeniyeni adzaipeza liti. Ndiponso ndiwe mkazi, ndipo ndikudziwa mmene amuna ena m'maofesi amayankhulira ndi mtsikana wopempha siginecha. Usamapite wekha. Wina akakuuza kuti mukakambirane madzulo kwina, tuluka, pepalalo lidzapezeka tsiku lina.

Nazi zimene ine ndingathe. Chilimba chathu cha pa msika chikundigwera mwezi wamawa. Theka ndikubwereka, popanda chiwongola dzanja, ubweze pang'onopang'ono mvula ikatha, ndipo tidzalemba m'kope monga ndakuuzira. Kuseri kwa nyumba kuno ku Chawama kuli malo, muzisungako matumba a mabotolo m'malo molipira lendi, bola akhale otsukidwa. Atate ako sanena zambiri, koma dzulo ndinawapeza akuyeza malowo ndi mapazi, akuti pafunika malata anayi. Ndayankhulanso ndi amayi a mzere wathu pa Soweto. Masamba ndi tomato woola timangotaya, ndipo ena akufunsa ngati mungamazitenge n'kupanga manyowa ogulitsa kwa olima ndiwo. Sindinawalonjeze kanthu, ndati ubwere udzamve wekha, uwerengere ngati zingakupindulireni.

Amalume ako ndiwauza ndekha kuti mawu aja ndawabweza.

Ubwere Loweruka masana ndi kope lanu la ndalama, tidzakhale pamphasa tiwerengere limodzi nyumba ndi nyumba. Ubwere nawo anzakowo, ndikufuna ndiwaone. Ndiphika chibwabwa chotendera. Ndipo m'manja umo, pamene unadzicheka ndi botolo paja, upite kukiliniki akakuone usanabwere kuno.

Ndine mayi ako.