Lipoti la msonkhano wa tchesi ku Dedza: tiyambe kulemba masewera athu

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Ndinanyamuka pa Ntcheu m'mawa Loweruka, kudzera pa Lizulu, n'kukafika pa boma la Dedza chifunga chisanachoke. Ndalama yotsala ya thiransipoti ndapereka kale kwa msungichuma.

Nkhani za zopereka ndi masiku a mipikisano zinatha msanga, ndipo ndidzazifotokoza Lachitatu. Chimene chinandigwira mtima ndi masewera amodzi omwe tinawaunika masana onse. Anasewera ndi anthu ngati ife tomwe, mphunzitsi wa pulaimale ndi mnyamata wa Fomu 3, ndipo onse awiri anali atalemba mayendedwe awo papepala.

Anayamba motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5. Apa aphunzitsi aja, omwe anali ndi zakuda, anadya poni ndi hatchi, 5...Nxd5. Mnyamatayo sanachedwe: 6.Nxf7! Hatchi yangolowa pa f7, kuopseza mfumukazi ndi ruku nthawi imodzi. Mfumu itaidya, kunabwera 7.Qf3+, ndipo kuti itchinjirize hatchi yake ya pa d5, mfumu ija inakakamizika kutulukira pa e6, pakati pa bolodi, ngati nkhuku yosowa khola kabawi ali m'mwamba. Msampha umenewu ndi wakalekale, umatchedwa Fried Liver.

Chomwe aphunzitsi aja anayenera kuchita ndi 5...Na5, kuthamangitsa bishopu wa pa c4. Poni imodzi imapita ndithu, koma zida zakuda zimatuluka mwachangu ndipo mfumu imakhala pabwino. Aphunzitsiwo atafunsidwa chomwe ankaganiza, anayankha mosabisa kuti ankangofuna kubweza poni yawo. Ine mtima unandipweteka, chifukwa ana athu a pa kalabu amagwa pomwepo sabata ndi sabata. Pachiyambi pa masewera, f7 imatetezedwa ndi mfumu yokha basi, koma ndani wa ife anawakhazikapo pansi n'kuwaonetsa zimenezi?

Foni inatulutsidwa pamapeto penipeni, aliyense atanena kale maganizo ake. Zimenezi ndinazikonda kwambiri. Stockfish, pulogalamu younikira masewera a tchesi imene inali pa foniyo, imakuuza poyenda, koma siingakuuze chomwe chinakusokoneza mutu.

Choncho ndikupempha komiti igule makope awiri ndi mabolopeni, aliyense azilemba masewera ake. Tikamaliza, opambana ndi ogonja azikhala limodzi n'kubwereza. Pepala la masewera a ku Dedza ndabwera nalo, tidzayambira pamenepo Loweruka likudzali.