Njinga zouluka m'mafilimu si za kabaza wathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa khalidwe limene lafala pakati pa anyamata ena a kabaza kuno ku Salima, lodumphitsa njinga zamoto pa mahampu ndi pa zitunda za m'mbali mwa msewu potengera zimene amaona m'mafilimu ndi m'timavidiyo ta pafoni. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto, ndipo zikaphwasuka njingazi zimathera m'manja mwa ife amakaniko. Anthu akamawadzudzula anyamatawa amangoti ndi mowa, ndi chamba, ndi chibwana. Zina n'zoona ndithu. Koma ukacheza nawo bwinobwino umapeza kuti ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti njinga ndi njinga basi, ndipo kuti munthu wa m'filimu amangowaposa kulimba mtima. Bodza limeneli ndi limene likundilembetsa kalatayi. Njinga imene mumaiona ikuuluka pa kanema nthawi zambiri si imene maso anu akukuuzani.

Pali filimu yakale ya 1963 yonena za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, The Great Escape, momwe mkaidi wothawa amadumpha mpanda wa waya waminga ali pa njinga yooneka ngati ya asilikali a ku Germany. Njingayo inali Triumph TR6 Trophy ya ku Britain, ya 650cc (ma cc ndiwo muyeso wa kukula kwa injini), yopangidwa patapita zaka zambiri nkhondo itatha, anangoipaka utoto wa usilikali. Njinga zenizeni za asilikaliwo, monga BMW R75, zinali zolemera kwabasi ndipo kumbuyo zinalibe mashoko n'komwe. Wodumphayonso sanali Steve McQueen amene nkhope yake imaoneka m'filimumo, anali mnzake Bud Ekins, katswiri wa mipikisano ya njinga za m'tchire. Mu 2012 nzeru inali yomweyo. Mu filimu ya chaka chimenecho, Skyfall, muli njinga ziwiri zothamangitsana pa madenga a msika waukulu wa ku Istanbul, ina yooneka ngati ya apolisi, ina ngati ya munthu wamalonda wa mumsewu. Zonsezo zinali Honda CRF250R, njinga za mpikisano wodumpha, zovekedwa nyali ndi zotchinga kuti zioneke ngati njinga wamba, ndipo kampani ya Honda inapereka zokwana 20 kuti ntchitoyo itheke.

Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho timakumbukiranso Terminator 2 ya 1991, pamene Arnold Schwarzenegger amatsika ndi chinjinga cha Harley-Davidson Fat Boy kuchokera pamwamba n'kukatera mu ngalande ya simenti mu mzinda wa Los Angeles. Apa njinga inali yeniyeni, yolemera pafupifupi makilogalamu 300. Koma sinagwe yokha. Anaimangirira zingwe zachitsulo n'kuitsitsa nazo, pampando pali katswiri wina dzina lake Peter Kent, kenako zingwezo anazifufuta ndi kompyuta. Opanga filimuyo ankadziwa kuti chitsulo cholemera choncho chikati chigwe pachokha, chithyoka pamodzi ndi msana wa wokwerapo.

Tsono chimene chimachititsa kuti njinga ina ithe kudumpha ina ilephere n'chiyani? Si injini ayi. Anyamata amandifunsa za ma cc, koma nkhani yagona pa mashoko. Njinga ya mpikisano wodumpha, ija amati motocross, mashoko ake amatha kulowa m'kati pafupifupi masentimita 30, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Njinga zathu za kabaza, kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, kutsogolo zimalowa pafupifupi masentimita 12, kumbuyo 10 kapena kucheperapo. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa pa tepi, koma tawerengerani. Njinga ikagwa kuchokera pa mita imodzi, mphamvu ya kugwako iyenera kuthera penapake. Ikamathera m'masentimita 30, kugundako kumakhala ngati kulemera kwa njinga ndi wokwera kuchulukitsa kanayi. Ikamathera m'masentimita 10, kumaposa kakhumi. Shoko ikafika pa mapeto ake imagunda chitsulo pa chitsulo, ndipo mphamvu yotsalayo imapita ku limu, ku felemu ndi ku mafupa a munthu. Onjezani pamenepo kuti njinga imene yakhala ikunyamula matumba a chimanga, makala ndi madengu a nsomba za ku Senga Bay, masipuling'i ake anafooka kalekale, moti mwa masentimita 10 aja mwina theka linatha njinga isananyamuke n'komwe.

Zina zonse zimatsatira pomwepo. Mapaipi a mafoloko a njinga yodumphira amakhala onenepa mamilimita 48 kapena 49, pamene athu ndi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 21, athu 17 kapena 18. Yodumphira ya 250cc imalemera makilogalamu osafika 110, kupepuka kuposa kabaza wa 150cc, pamene mphamvu zake ndi zochuluka katatu. Popondera pake ndi pa mano achitsulo chifukwa wodumpha sakhala pansi, amaimirira kuti mawondo ake akhale shoko yachiwiri. Yathu anaipangira mpando wautali wokhalapo anthu awiri, kenako ife timawotchererako keliyala yachitsulo kumbuyo. Ndi njinga yabwino pa ntchito yake, imamwa mafuta pang'ono ndipo imadyetsa mabanja ambiri m'boma lino. Koma ntchito yakeyo ndi kunyamula katundu matayala ali pansi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti njinga yodumphitsidwa sithyoka tsiku lomwelo. Mnyamata amadumpha hampu, anzake amamuimbira m'manja, amabwerera pa siteji osavulala, ndiye amati zatheka. Ikabwera kwa ine njingayo imanena yokha zimene yakhala ikuchitidwa. Pa foloko pamakhala mzere wakuda wa oilo wosakanikira ndi fumbi, kusonyeza kuti masili anaphulika. Ndikayendetsa sipanala pa masipoko, ena amalira ngwee, ena amangoti phu, ndiye kuti akhwepa. Ndikanyamula tayala lakutsogolo n'kutembenuza handulo pang'onopang'ono, imakakamira pakati ngati pali kadzenje, chifukwa timipira tachitsulo ta m'khosi mwa njinga tinaboola pokhala pake. Choopsa kwambiri chimabisala pansi pa thanki. Ndikachotsa thanki n'kupukuta ndi kansanza, pafupi ndi pamene anawotcherera khosi ndimapeza kamng'alu kochepa ngati tsitsi, kofiira ndi dzimbiri. Chitsulo chimatopa, monga waya amene ukumupinda uku ndi uku, sasonyeza kanthu kufikira ataduka.

Ndikamuonetsa mnyamatayo, yankho limakhala limodzi: "Angowotchererani pamwamba, amdala, abwana akufuna ndalama yawo madzulo." Ambiri njingazi si zawo, amapereka ndalama kwa mwini wake tsiku ndi tsiku, ndiye sangalole kuti igone pa galaja. Imatuluka. Tsiku limene khosi lidzaduke sadzakhala akudumpha ayi. Adzakhala ali pa liwiro wamba pa msewu wa M5, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana amene wakwera pa Kamuzu Road kupita ku Kaphatenga, amene sanaoneko filimuyo ndipo sanaimbire nawo m'manja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma apa pusi akugwa ndi anthu osalakwa.

Wina anganene kuti akatswiri akale ankadumpha ndi njinga za mumsewu. Ndi zoona, ndipo mbiri yawo ndi umboni wanga. Evel Knievel wa ku America, pa 31 December 1967, anayesa kudumpha mamita 43 pamwamba pa akasupe a hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas ali pa Triumph Bonneville. Anatera moperewera, njinga inamutaya, anathyoka chiuno ndi mafupa ena. Mu 1975 pa bwalo la Wembley ku London anadumpha mabasi 13 pa Harley-Davidson XR-750, njinga ya mashoko aafupi, ndipo potera inanjanja n'kumugwetsa, anathyokanso chiuno. Patapita zaka 40 chichitikire ngozi ya ku Caesars Palace, tsiku ngati lomwelo mumzinda womwewo, Robbie Maddison wa ku Australia anadumpha mamita 98 pa Honda CR500 ya motocross n'kutera bwinobwino. Sikuti Maddison anali wolimba mtima kuposa Knievel. Anali ndi njinga yopangidwira ntchitoyo ndiponso potera pokonzedwa mwa masamu.

Nkhani ya potera anthu amaiiwala chifukwa kamera siionetsa. Wodumpha weniweni satera pa malo athyathyathya. Amamangira chitunda chotsetsereka mbali inayo, kuti njinga ikamatsika ipeze nthaka nayonso ikutsika, kugundako kuchepe. Ali m'mwamba amawongola njinga ndi tayala lakumbuyo: akawonjezera moto mutu wa njinga umadzuka, akaponda buleki yakumbuyo mutu umatsika. Izi zimafuna injini yoyankha msanga ndi zaka zophunzira. Hampu ilibe chilichonse mwa zimenezi. Imakuponya m'mwamba n'kukumenyetsa pa tala wathyathyathya, nthawi zambiri tayala lakutsogolo likuyamba kugunda. Ukaphonya tala pang'ono, kuno kwathu m'mbali mwa msewu ndi mchenga, tayala limazama, munthu amadutsa pamwamba pa handulo. Ndipo mahampu amawaika pa misika ndi pa masukulu, pamene pali ana, njinga zakapalasa ndi mbuzi.

Opanga mafilimu amakonza ngakhale nthaka imene. Pojambula filimu ya No Time to Die mu mzinda wa Matera ku Italy, miyala ya m'misewu inali yoterera, ndiye anathirapo Coca-Cola wochuluka kuti akauma pakhale ponata. Njinga yake inali Triumph Scrambler 1200 XE ya mashoko a masentimita 25, ndipo woyendetsa anali Paul Edmondson, amene anakhalapo katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa njinga za m'tchire wotchedwa enduro. Tom Cruise, amene anyamata amamutama kuti amachita yekha zoopsa, asanadumphe pa phiri la ku Norway mu Mission: Impossible ya 2023 anayeserera kudumpha ndi njinga maulendo 13,000 ndi kudumpha mu ndege ndi parachuti maulendo oposa 500. Pa phiripo anamangapo msewu wokwera umene pambuyo pake anaubisa ndi kompyuta kuti uoneke ngati thanthwe. Njinga yake sinatere n'komwe, anaisiya m'malere kuti ikaphwanyike kuphompho, iye n'kutsika ndi parachuti.

Ngakhale akonzekere chotero, ngozi zimachitikabe. Mu 2015 ku South Africa, Olivia Jackson, katswiri wochita zoopsa m'mafilimu, anawombana ndi chitsulo chonyamula kamera akuyendetsa njinga pojambula filimu, ndipo mkono wake wamanzere anachita kuudula. Mu 2017 ku Vancouver, Joi Harris, amene anali wa mipikisano ya njinga, anamwalira pojambula filimu ina, ndipo anali asanavale helemeti. Amenewo ndi anthu odziwa ntchito, msewu wotsekedwa, achipatala ali chire pambali. Mnyamata wathu wavala patapata, helemeti yapachikidwa pa handulo, ndipo akavulala mutu kapena msana ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14 kukafika ku Lilongwe.

Anyamatawa sindidana nawo. Ambiri ndi ana a anzanga, ndipo ena ali ndi luso lenileni m'manja, umachita kuona mmene amadutsira mumchenga wa ku Maganga atanyamula katundu. Ena amaloza Yamaha DT 125 imene alangizi amayendera kumidzi n'kumati imeneyo ndiye yodumphira. Mashoko ake ndi ataliatali kuposa a kabaza, n'zoona, koma anaipangira misewu ya mabampu, osati kuuluka. Akanakhalapo a mtima wabwino otsegula bwalo la masewerowa kutali ndi msewu, la zitunda zoumbidwa bwino, njinga zoyenera ndi zovala zake, ndikanakhala woyamba kupita ndi bokosi langa la masipanala.

Pakadali pano ndili ndi pempho kwa anthu amene mawu awo amamveka kwa anyamatawa kuposa anga. Abale athu omasulira mafilimu m'Chichewa, inu mumalankhula filimu yonse mpaka kumapeto ndipo ana amaloweza mawu anu. Njinga ikamauluka, nenaniko kuti apa pali zingwe, apa njinga ndi ina, uyu si mwini filimu. Eni mavidiyo sho, timavidiyo tosonyeza mmene anajambulira zimenezi tilipo pa YouTube, tionetseniko filimu isanayambe. Atsogoleri a pa masiteji a kabaza, amene mumatha kuimitsa munthu pa mlandu wolanda kasitomala wa mnzake, muimitseninso wodumpha hampu, chifukwa akuipitsa dzina la nonse. Eni njinga, pakapita mwezi muzichotsa thanki n'kuyang'ana khosi ndi maso anu, ndipo makaniko akakuuzani kuti felemu yang'aluka musamukakamize kuti angomata.

Kwa inu a Mkonzi, nkhani za ngozi za kabaza mumalemba kawirikawiri, ndipo zimathera pa chiwerengero cha ovulala ndi chenjezo la apolisi. Tumizani mtolankhani wanu ndi kamera adzazungulire magalaja a njinga pa Kamuzu Road ndi pa boma. Tidzamuchotsera mathanki, ajambule ming'aluyo, anthu okwera kabaza aione.

Ndine wanu,
Makaniko wa njinga zamoto,
Salima