Ogulitsa makina oonera zimbale azinena zoona

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za makina odula oonera mafilimu a pachimbale kunyumba, omwe ogulitsa amakonda kuwachemerera kuti amalandira chimbale chilichonse. Ine ndinakhulupirira mawu amenewa, ndipo ndalama zomwe ndinasunga kwa miyezi ingapo ndinakazisiya m'sitolo ina mu Limbe. Ma DVD omwe mlamu wanga anatumiza kuchokera ku Johannesburg anaonetsa bwinobwino, koma tsiku lomwe ndinaikamo Blu-ray (chimbale cha zithunzi zooneka bwino kuposa DVD) yomwe achimwene anabwera nayo kuchokera ku America, makinawo anangozungulira pang'ono n'kulemba pakanema kuti chimbalecho si cha chigawo chino. Apo n'kuti ana atayala kale mphasa, chimanga chokazinga chili m'mbale.

Chomwe wogulitsayo sananene n'chakuti maloko oletsa makina kuonetsa zimbale za chigawo china alipo awiri, la DVD ndi la Blu-ray. Pa DVD, makampani a mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Malawi ndi Zambia ali m'chigawo 5, South Africa ndi Britain ali m'chigawo 2, pomwe America ili m'chigawo 1. Pa Blu-ray zigawo zilipo zitatu, A, B ndi C, ndipo Africa ndi Ulaya zili mu B, America mu A. Choncho makina akhoza kukhala otsegula ku DVD koma okiya ku Blu-ray, monga anga aja. Nthawi zambiri lokoyo sachotsa ndi kampani yopanga, koma amalonda amene amasintha za m'kati mwa makinawo, zomwe zingathetse mgwirizano woti kampani idzakukonzereni akaonongeka. Pa makina ena osinthidwa chonchi, munthu amayenera kusankha chigawo pa rimoti asanaikemo chimbale. Zimbale za Ultra HD Blu-ray, za zithunzi zooneka bwino kuposa Blu-ray wamba, zomwe zinayamba mu 2016 zilibe zigawo, ngakhale Blu-ray wamba yomwe imabwera m'chikuto chomwecho imatha kukhala yokiya.

Mawu oti makina amawerenga zimbale za mitundu yonse nawonso amafunika kuwasanthula. Tanthauzo lake lenileni n'lakuti amawerenga CD, DVD, Blu-ray ndi Ultra HD, kuphatikizapo zimbale za nyimbo za DVD-Audio ndi SACD, yomwe Sony ndi Philips anatulutsa mu 1999. Mtengo pawokha sutsimikiza zimenezi. Panasonic DP-UB9000 ndi makina olemekezeka pa nkhani ya zithunzi, koma sawerenga SACD, pomwe Sony UBP-X800M2, yomwe ndi yotsikirapo mtengo, imawerenga. Oppo UDP-203 ndi UDP-205 ankachita zonsezi, koma kampani ya Oppo inalengeza mu 2018 kuti yasiya kupanga makina otere, kotero aliyense wokuuzani lero kuti ali ndi Oppo yongofika kumene kuchokera kufakitale mumufunsitsitse.

Sindikunena kuti makina odula ndi kutaya ndalama ayi. Ambiri ali ndi mabowo awiri olowetsamo mawaya a HDMI, limodzi lotumiza zithunzi kukanema, lina lotumiza mawu okha ku ampu, zomwe zimapulumutsa munthu yemwe ampu yake ndi yakale. Thupi lake ndi lachitsulo cholemera, moti chimbale chikamazungulira simumva phokoso nthawi yomwe anthu a mufilimu akunong'onezana. Makina ambiri otere amadziwanso HDR10 ndi Dolby Vision, njira zomwe zimachititsa kuti chochitika cha usiku chioneke ngati usiku weniweni osati utsi, bola kanema wanuyo akhale wozidziwanso. DVD wamba imasunga 4.7 GB pomwe chimbale cha Ultra HD chimafika 100 GB, ndipo filimu yotereyi mumaionera osagula bandulo kapena kudikira netiweki.

Oitanitsa makina kunja asamale ndi magetsi. Ku America amagwiritsa ntchito mavoti 120, kuno kwathu 230, ndipo si makina onse amene amalandira mphamvu zonse ziwiri. Awerenge kaye zomwe zalembedwa kumbuyo asanalowetse pulagi pakhoma.

Pempho langa kwa ogulitsa n'lakuti azilemba pa lisiti zigawo za DVD ndi za Blu-ray zomwe makinawo amalandira. Ine ndikadzapitanso kukagula, ndidzatenga zimbale zitatu m'chikwama, cha ku Johannesburg, cha ku London ndi cha achimwene chija, ndipo ndalama idzatuluka m'thumba zonse zitaonetsa pomwepo.

Ndine muwerengi wanu,
Blantyre