Ntchito za manja athu zipatsidwe malo mu Chipata

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri amaiona ngati yaing'ono, ya zokongoletsera m'nyumba ndi makhadi a mafuno abwino. Ndine mayi wosoka zovala kuno ku Kapata, ndipo ntchito yanga imandilowetsa m'nyumba zambiri, pena kukayeza makatani, pena kukasiya zovala za ukwati. Ndikalowa pabalaza ndimapeza zomwezomwezo: maluwa apulasitiki otuwa ndi fumbi pamwamba pa kabati, chithunzi cha mathithi a kutsidya la nyanja pakhoma, ndi khadi la Chingerezi loti agogo a m'nyumbamo sangaliwerenge. Zonsezi zinagulidwa ndi ndalama yosowa ija, zitabwera pa lole kuchokera kutali. Pamenepo n'kuti ife atelala tikutaya tizidutswa ta chitenje madzulo alionse, alimi nawonso akutentha makoko a chimanga m'minda.

Khadi ndimalipanga chonchi. Ndimatenga katoni yopyapyala, monga ya sopo kapena ya tiyi, ndi kuipinda pakati. Guluu sindigula. Ndimasungunula supuni ya fulawa m'madzi ozizira, ndi kutereka pa mbaula ya moto wochepa, ndikutakasa mpaka likhale kaphala kosalala kopanda mibulu. Likazizira ndimapaka mopyapyala, ndi kumata pepala loyera mkati ndi kachidutswa ka chitenje kunja. Pa kachitenjeko ndi pamene pali luso. Suyenera kungodula paliponse: uyang'ane pamene pagwera duwa kapena mbalame, udule mozungulira bwino kuti chikhale pakati. Ena amakonda khungwa louma la nthochi, ndipo ine ndimalikondanso koposa, chifukwa pa khungwa limodzi umapezapo mitundu ingapo, poyera, pofiirira ndi pakuda. Pakudapo pamatuluka denga la nyumba, poyerapo khoma, kotsalako n'kudula mayi atasenza mtsuko. Makoko a chimanga uyambe waviika m'madzi ofunda kuti afewe, kenaka uwasite, apo ayi amasweka.

Ukamaliza kumata, khadilo ligone pansi pa chinthu cholemera usiku wonse kuti lisapindike. Ndichenjezenso anzanga amene angafune kuyesa: mphemvu zimakonda guluu wa fulawa, ndipo nyengo ya mvula amachita nkhungu. Makhadi aume bwinobwino, kenaka asungidwe m'chitini chotseka.

Komatu chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi mawu olemba mkatimo. Khadi la m'sitolo limabwera mawu atalembedwa kale ndi munthu wosadziwa ngakhale dzina la mudzi wanu. Lopanga wekha umalemba monga umayankhulira ndi mwini wakeyo. Mtsikana wina anabwera kuti akufuna khadi la apongozi ake amene anamusamalira ali pa uchembere. Tinakhala pansi, iye akunena, ine ndikulemba: “Amayi, munanditenga ngati mwana wobala nokha. Madzi otentha aja m'mamawa sindidzawaiwala. Mulungu akusungeni.” Ndiuzeni, Akonzi, sitolo iti ingagulitse mawu amenewa? Pa kitchen party, pa chilanga mulilo, pa tsiku la amayi la 8 March, pa tsiku la aphunzitsi la 5 October, ngakhale popepesa maliro, anthu amafuna kunena za kumtima, ndipo za kumtima timazinena bwino m'chinenero chimene tinayamwira.

Za m'nyumba nazonso sizivuta. Chopondera pakhomo chimatuluka m'thumba la feteleza lochapa bwino ndi timizere ta nsalu zotsala. Kolowekera kake timapinda sipoko ya njinga, ndipo mu Chipata muno sipoko siisowa. Lichero lakale lobooka pakati, ukalikuta ndi chitenje, limakhala bwino pakhoma. Chikho chouma ukachiwotcha mizere ndi waya wotentha chimaposa maluwa apulasitiki aja. Mphasa ya bango, mkeka wa mlaza ndi dengu la nsungwi agogo athu ankaluka kale, ndipo kumidzi ya ku Katete, Chadiza ndi Vubwi akadalipo amene amaziluka bwino.

Ndiye vuto lili pati? Loyamba lili mwa ife ogula. Munthu akalowa m'sitolo amalipira mtengo wolembedwa osatsutsa, koma akafika pa mayi woluka mkeka amayamba kunenerera mpaka mayiyo agulitse pa mtengo wongokwanira mchere ndi sopo. Amati “si mlaza wa kutchire uwu?” Inde ndi wa kutchire, koma wina anakaudula, kuuyanika, kuung'amba ndi kuuluka masiku ambiri msana ukuwawa. Ndikamati zinthuzi n'zotsika mtengo ndikunena za zipangizo zake. Thukuta la munthu liyenera kulipiridwa.

Lachiwiri ndi la malo ogulitsira. Onani zimene zikuchitika ku Mfuwe. Kumeneko Tribal Textiles imajambula nsalu ndi manja, ndipo mizere yake amayamba kuilemba ndi phala la fulawa ndi madzi, longa lomwe ndatchula lija. Mulberry Mongoose imapanga mikanda ndi zibangili ndi waya wa misampha yochotsedwa m'tchire. Alendo obwera kudzaona nyama ku South Luangwa amagula zimenezi mokondwa n'kupita nazo kwawo. Ambiri mwa oyenda pa galimoto amadutsa mu Chipata muno, ena kuchokera ku Lusaka pa Great East Road, ena kuchokera ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Mwami. Amaima kuthira mafuta ndi kugula madzi akumwa, basi n'kumapita. Ife amene tili ndi makhadi, zikho ndi mikeka tili mkati mwa makomboni, kumene mlendo sangafike.

Pempho langa likupita kwa akhonsolo ndi makomiti oyang'anira CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonstichuwense. Mu 2022 boma linakweza thumbali kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi lothandizira magulu a amayi ndi achinyamata. Magulu ambiri akapempha amaganiza za nkhuku, mbuzi kapena chigayo, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma Chipata anakhala mzinda mu 2017, ndipo mzinda uyenera kukhala ndi malo oonekera kumene ntchito za manja za m'chigawo chake zimapezeka. Sitikupempha nyumba yosanja. Shedi ya malata m'mbali mwa msewu waukulu, yokhala ndi matebulo ndi kachipinda kokhoma usiku, ndi yokwanira. Msonkho wa pamsika tizilipira monga amachitira ena onse.

Ndikupemphanso amene amakonza miyambo yathu. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August, kumasonkhana khwimbi la anthu, ena ochokera ku Malawi ndi Mozambique. Malonda amakhala ambirimbiri, koma woluka dengu amapezeka atakanikizidwa pakati pa ogulitsa salaula ndi mowa. Patakhala mzere umodzi wopatulidwa wa ntchito za manja zokhazokha, pafupi ndi polowera, wobwera kudzapereka ulemu kwa Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni kapena Kalonga Gawa Undi angabwerere ndi chinthu chopangidwa ndi anthu a mafumuwo.

Kwa aphunzitsi a ku pulayimale ndingoti: phunziro la luso lisamathere pa bolodi, ana akukopera m'kope mmene mkeka amaulukira osaugwira mlazawo. Zipangizo musadandaule nazo. Tumani ana kwa telala aliyense wapafupi ndi sukulu, adzabwera ndi thumba lodzaza tinsalu, sitilipiritsa. Ine Loweruka masana makina ndimatseka msanga, ndipo sukulu kapena gulu la amayi a kumpingo litandiitana ndingapite kukaphunzitsa kwaulere. Aliyense angobwera ndi sizasi ndi katoni yake, fulawa ndidzatenga ndine.

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala,
Kapata, Chipata