Lipoti la Msonkhano: Kamwedwe ka Madzi kwa Anthu Okhala ndi Sitoma

Kwa a wapampando ndi mamembala onse,

Munatituma ku msonkhano wa anamwino, madokotala ndi akatswiri a zakudya omwe amasamalira anthu ochitidwa opaleshoni ya sitoma, bowo limene madokotala amatsegula pamimba kuti chimbudzi kapena mkodzo zizitulukira m'thumba lomatidwa pakhungu. Mitu inalipo ingapo, koma umene tikufuna muumvetsetse ndi wa madzi m'thupi. Kutha madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene zimabwezera anthu a ileostomy (sitoma ya matumbo aang'ono) m'chipatala m'masabata oyamba, ena impso zitayamba kale kufooka.

Ntchito ya matumbo aakulu ndi kubwezera madzi ndi mchere m'thupi. Tsiku lililonse amalandira pafupifupi lita imodzi ndi theka kuchokera ku matumbo aang'ono, n'kuyamwa pafupifupi zonse. Kwa munthu wa ileostomy, zotuluka sizifikanso kumeneko, zimangothera m'thumba. Poyamba zimatuluka zambiri komanso zamadzimadzi, ndiye pakatha masabata 6 mpaka 8 matumbo aang'ono amazolowera, n'kumatulutsa mamililita 500 mpaka 800 pa tsiku. Zikamapitirira mamililita 1,500 pa maola 24, sitomayo ikutaya mopyola muyeso. Ndipo si madzi okha amene akutayika. Lita iliyonse imachoka ndi mchere pafupifupi magalamu 6.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo sitingawadzudzule, chifukwa thupi lenilenilo ndi limene limawanamiza. Munthu akumva ludzu, akumwa madzi ambiri, koma thumba likudzaza msanga ndipo ludzu likungokula. Chimachitika n'chakuti chakumwa chopanda mchere, monga madzi wamba, tiyi kapena khofi, chikafika kumtunda kwa matumbo aang'ono, mchere umachoka m'magazi kulowa m'matumbomo, n'kutuluka nacho limodzi. Zakumwa za shuga wambiri, monga juwisi ndi zoziziritsa kukhosi, zimakokera madzi m'matumbo. Choncho sitoma ikamataya kwambiri, malangizo ndi akuti zakumwa wambazi zichepetsedwe kufika pa mamililita 500 mpaka 1,000 pa tsiku, zotsalazo zikhale madzi a mchere ndi gulukosi. Gulukosi ndi amene amathandiza mchere kudutsa khoma la matumbo, madzi n'kutsatira.

Timveketse bwino kuti lamuloli si la aliyense. Wa ileostomy amene sitoma yake yakhazikika amwe malita 1.5 mpaka 2 a zakumwa zosiyanasiyana, madzi wamba omwe, n'kumathirako mchere pang'ono m'chakudya. Wa colostomy (sitoma ya matumbo aakulu) matumbo ake aakulu akugwirabe ntchito, ndiye kumwa kumamuteteza ku kudzimbidwa. Wa urostomy (sitoma yotulutsira mkodzo) amwe kwambiri, malita 2 kapena kuposerapo, kuti mkodzo uziyenda ndi kutsuka tizilombo. Amene ali ndi matenda a mtima, a impso kapena kuthamanga kwa magazi asasinthe muyeso wa mchere kapena wa madzi asanalankhule ndi dokotala.

Kasakanizidwe ka madzi a mchere ndi gulukosi kamene anatiphunzitsa ndi kochokera ku chipatala cha St Mark's ku London. Mu lita imodzi ya madzi aukhondo thirani gulukosi magalamu 20 (masupuni a tiyi 6 osalazidwa pamwamba), mchere magalamu 3.5 (supuni ya tiyi imodzi yosalazidwa pamwamba) ndi soda wophikira magalamu 2.5 (theka la supuni ya tiyi, lodzaza bwino). Supuni yake ikhale ya mamililita 5, osati iliyonse imene yapezeka. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Kakomedwe kake kamavuta, n'zoona, koma akazizira amamweka, ndipo madontho ochepa a mandimu amathandiza. Chosayenera ndi kuwonjezera madzi kapena kuponyamo ayezi kuti mchere usamveke, chifukwa mphamvu yake ili mu mcherewo. ORS wam'mapaketi wa muyeso wa WHO ali ndi sodium (gawo la mchere) wocheperapo, mamilimolo 75 pa lita pamene wa St Mark's ali ndi 90. Ndi wabwino kuposa madzi wamba, koma kwa sitoma yotaya kwambiri akhoza kuperewera.

Chimene chinabwerezedwa kwambiri ndi kuyeza. Khalani ndi jagi ziwiri zolembedwa miyeso, ina ya zotuluka m'thumba, ina ya mkodzo, ndipo lembani m'kope pamodzi ndi zimene mwamwa. Mkodzo uzifika pafupifupi lita imodzi pa maola 24 ndipo ukhale wachikasu chowala. Kwerani sikelo m'mawa uliwonse musanadye: kilogalamu imodzi ikachoka pa tsiku limodzi kapena awiri, amenewo ndi madzi. Kuuma m'kamwa, mutu, kutopa, chizungulire poimirira ndi kukokana kwa minofu zimabwera vuto litayamba kale. Dzanzi ndi kunjenjemera kwa manja zikhoza kusonyeza kuti magnesium, mchere wina wofunika m'thupi, watsika, ndipo zimenezo zimafuna kuyezetsa magazi.

Pa zakudya sitichedwapo. Mpunga, nthochi zakupsa, mbatatesi ndi buledi woyera zimalimbitsa zotuluka. Idyani pang'ono kangapo pa tsiku, ndipo ngati sitoma ikutaya kwambiri, pakati pa kudya ndi kumwa pazidutsa mphindi 30.

Loperamide, mankhwala ochepetsa kutsegula m'mimba, amagwira bwino ntchito akamwedwa mphindi 30 mpaka 60 musanadye, pa mlingo umene dokotala wanena. Mukaona makapisozi athunthu m'thumba, mankhwalawo sanalowe m'thupi, pemphani kuti akusinthireni. Ibuprofen ndi diclofenac amapweteka impso zimene zili kale pa ludzu. Amene amamwa mankhwala okodzetsa, ena a kuthamanga kwa magazi kapena metformin (wa matenda a shuga) afunsiretu chochita pa tsiku limene sitoma yathamanga.

Chenjezo limodzi tikulitsindika. Zotuluka zamadzi okhaokha zikhoza kukhala chizindikiro chakuti matumbo atsekeka pang'ono, madzi akungodutsa m'mbali mwa chakudya chimene chakakamira. M'mimba mukamapotokola, mimba kapena sitoma ikatupa, kapena mukamasanza, musamwe loperamide, pitani kuchipatala. Chimodzimodzinso mkodzo ukachepa kwambiri kapena kusiya, munthu akamasokonezeka mutu, kapena zotuluka zikapitirira mamililita 1,500 tsiku lonse ngakhale mwatsata malangizo onsewa. Pamenepo pafunika diripi, ndipo kudikira kuti kuche n'kumene kumawononga impso.

Tikupempha komiti ivomereze zinthu zitatu pa msonkhano ukubwerawu: membala watsopano aliyense azilandira jagi zoyezera, supuni ya mamililita 5 ndi pepala la kasakanizidwe; aziyenderedwa kapena kuimbiridwa foni kawiri pa sabata m'masabata 6 oyamba; ndipo wosamalira wodwala kunyumba aziphunzira nawo kuyeza ndi kulemba, popeza wodwala akafooka ndi iyeyo amene amayamba kuona kusintha.

Ife nthumwi zanu