Chilengezo: Tikaone Ziwombankhanga ku Loess Bluffs

Abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu,

Tikukuitanani ku Eagle Days, chikondwerero cha mbalame chimene chimachitika Loweruka ndi Lamlungu loyamba la Disembala ku Loess Bluffs National Wildlife Refuge, pafupi ndi Mound City ku Missouri. Kuchokera ku Kansas City ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pa msewu wa I-29, ndipo kulowa n'kwaulere.

Dambo limeneli linatetezedwa mu 1935. Kumpoto kukazizira, atsekwe oyera ochokera ku Arctic amadzapumira pano zikwizikwi, zaka zina kupitirira 1 miliyoni. Akadzidzimuka n'kuuluka onse pamodzi, thambo limachita kuyera mbuu, phokoso lake osamvana ndi mnzako. Ziwombankhanga za mutu woyera zimawalondola, kudikirira m'mitengo kuti zigwire ofooka ndi ovulala. Anzathu akunyanja mudzangoti ndi nkhwazi, ndipo n'zachibale ndithu. Mukaona yabulauni thupi lonse, ndi yaing'ono. Mutu umayera ikafika zaka pafupifupi zisanu.

Ine chimene chimandikhudza n'chakuti mbalameyi inatsala pang'ono kutha chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo a DDT, omwe analetsedwa ku America mu 1972. Ana athu ayenera kuiona ndi maso awo.

Pali msewu wa makilomita 16 wozungulira dambo, ndiye agogo athu angathe kuonera ali m'galimoto. Valani zokhuthala, mphepo yake si yamasewera, ndipo amene muli ndi zoonera patali mubwere nazo. Ofuna malo m'galimoto lembetsani kwa mlembi wathu msanga.

Zikomo,
Wapampando