Kodi transifa yaposa mwana?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa nkhani ya kalata ya transifa yomwe aphunzitsi ena kuno ku Mchinji aisandutsa loko wotsekera ana panja. Pasukulu ina ya pulayimale kwathu kuno, dzina sinditchula koma ahedi akewo akudzidziwa, abweza mayi wina amene wangofika kumene kuchokera ku Mozambique ndi ana ake awiri, eti chifukwa alibe transifa. Mayiyu bambo akunyumba anamwalira, akuchimuna anamulanda munda ndi nyumba yomwe, ndiye wabwera kudzakhala kwa amalume ake. Ine ndili mu mother group ndipo ndinamuperekeza ndekha ku ofesi. Anatulutsa lipoti la mwana wamkuluyo m'kajumbo ka shuga, lopindidwa bwinobwino, chidindo chilipo, mamalikisi akuoneka, koma ahedi anangolitembenuza uku ndi uku nkuti "mayi izi ndi za Chipwitikizi ife sitiwerenga, pitani mukatenge transifa", basi nkuyamba kudina foni.

Transifa! Akaitenge kuti abale? Abwerere ku Tete kwa anthu omwe anamupitikitsa aja, agulitse chitenje kuti alipire kabaza, akagwade pamaso pa ahedi akumeneko, ndipo akabwera nayo mukuganiza kuti idzakhala m'Chizungu? Idzakhala m'Chipwitikizi chomwecho chimene mwati simuwerenga, ndiye mudzamutumenso akatenge chani, kalata ya Papa? Pano ana aja akungokhala pakhomo, wamkulu wayamba kale maganyu opalira mtedza, wamng'ono amaima kumpanda kuonerera anzake akulandira phala ndi makapu awo. Koma pepala ndiye lalemekezeka, zikomo kwambiri ahedi, ntchito mukuigwira.

Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndikudziwa kuti pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense azipita kusukulu mokakamiza. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wamaphunziro, silinati yekhayo wobwera ndi transifa ayi. A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yathu, muli kuti? Akuluakulu a maphunziro kuboma, a Unduna ku Capital Hill, kodi ndinu munawatuma ahediwa kapena ndi nzeru zawo?

Chimene chikundinyansa kwambiri nchakuti Ogasiti akakwana tonse timakwera malole kupita ku Mkaika ku Kulamba, akuluakulu nkumalankhula pa maiki kuti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndife ana amodzi a Gawa Undi, malire anaika ndi azungu, nthungululu zili lululu. Tikabwerako mwana wolankhula Chichewa chomwechi wasanduka mlendo. Nanga akanakhala wa ku Congo wolankhula Chiswahili chokha bwenzi mutamutani? Dziko lomweli linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo ya Renamo, ndipo tinali osauka kuposa pano, lero ana awiri atikanika. Komanso si za ahedi okha izi, mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, ana omwe amaphunzira bwinobwino m'matauni anazulidwa pakati pa chaka kukaunjikidwa pakampu yomwe inakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 koma pano muli oposa 50,000, palibe anawafunsa anawo kuti muli sitandade chani. Ndiye ahedi athuwa angotengera kwa akuluakulu.

Zophweka izi. Mwana akabwera opanda pepala mulembeni kaye, mumupatse timayeso ta masamu ndi kuwerenga muone kalasi yomuyenera, amfumu alembe kakalata kochitira umboni, ife a mother group tizimuyendera pakhomo mpaka azolowere. Anthu odziwa Chipwitikizi m'malire muno aliponso ambiri, ochita geni pamsika angawerenge lipotilo ulele. A PEA lembani sekula sabata ino, teremu ikutha ndipo ana aja Lolemba ndikubwera nawonso.

Mayi wokwiya,
Mchinji